Fast draw: masewero osolola mfuti msanga, zipolopolo za phula ndi thumba lachikopa

Timavidiyo take timakhala tatifupi kwambiri. Munthu wavala chipewa chachikulu cha oweta ng'ombe a ku America, waima nji, mfuti ili m'chiuno. Getsi likangoti ng'ani, mfuti yalira kale, ndipo pa bolodi patuluka nambala ngati 0.342. Oonera pa YouTube ndi pa TikTok sagwirizana chimodzi. Ena amati kanemayo amuthamangitsa pa kompyuta, ena amati ndi maphunziro a zigawenga, ena amaganiza kuti anthuwo amawomberana okhaokha mpaka wina agwe. Palibe choona pa zitatuzi. Awa ndi masewero otchedwa fast draw, kutanthauza kusolola mfuti msanga, ndipo ali ndi mabungwe, malamulo olembedwa ndi mipikisano ya chaka ndi chaka. Kwawo kwenikweni ndi ku United States ndi ku Canada.

Chosokoneza n'chakuti mfutiyo ndi yeniyeni koma chipolopolocho ayi. Malamulo ochuluka a masewerowa, kuyambira pa chipolopolo mpaka pa kasokedwe ka thumba, anabadwa poyankha funso limodzi: munthu angathamangitse bwanji dzanja pa mfuti osadziboola mwendo?

Gwero lake ndi mafilimu

Ambiri amakhulupirira kuti kumadzulo kwa America m'zaka za m'ma 1800 amuna ankathetsa mikangano poima pamsewu maso ndi maso, n'kuona woyamba kusolola. Zotere zinkachitika mwa apo ndi apo. Nkhani imene olemba mbiri amaitchula kawirikawiri ndi ya pa 21 Julaye 1865 ku Springfield m'chigawo cha Missouri, pamene Wild Bill Hickok anapha Davis Tutt atatalikirana mamita pafupifupi 70. Pa mtunda wotero chinapambana ndi kulunjika bwino, osati liwiro la dzanja. Kuwomberana kotchuka kwa ku Tombstone pa 26 Okutobala 1881 kunali chipwirikiti cha masekondi pafupifupi 30 chabe. Matumba a mfuti a nthawiyo anali akuya, omangidwa pamwamba m'chiuno, ndipo ntchito yake inali kuteteza mfuti ku fumbi ndi mvula, komanso kuti isagwe mwini wake akakwera hatchi.

Thumba lolendewera pantchafu, lomangidwa ndi kachingwe kumwendo, ndi la m'zaka za m'ma 1900 ndipo analitchukitsa ndi a mafilimu. M'zaka za m'ma 1950 mmisiri wa zikopa Arvo Ojala ankasoka matumba okhala ndi chitsulo chopyapyala pakati pa zikopa ziwiri, n'kumaphunzitsanso akatswiri a ku Hollywood kasololedwe. Mpikisano weniweni unayamba mu 1954 ndi Dee Woolem, amene ntchito yake inali kuchita sewero lobera sitima pamalo achisangalalo a Knott's Berry Farm ku California. Iye ndiye anabweretsa makina oyezera nthawi, ndipo popanda makinawo sipakanakhala chopikisanirana, chifukwa diso silitha kusiyanitsa anthu awiri othamanga chotero. Chidwi cha mafilimu a pa wailesi ya kanema chinakula mpaka kampani ya Colt, imene inali itasiya kupanga mfuti yake yakale nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, inayambiranso kuipanga mu 1956.

Oyambawo ambiri ankayeserera ndi zipolopolo zenizeni, ndipo odziwombera mwendo sanali osowa. N'chifukwa chake makalabu anasamukira ku zipolopolo za phula ndi zopanda mutu, zokhala ndi wonga wokha. Gulu lina, lomwe linkakumana ku Big Bear Lake ku California motsogozedwa ndi Jeff Cooper, linapitiriza ndi zipolopolo zenizeni. Kumeneko Jack Weaver anapambana mu 1959 pogwira mfuti ndi manja awiri n'kuikweza mpaka pamaso, anzake akuwombera ali m'chiuno n'kumaphonya. Njira imeneyo inadzabala masewero ena osiyana kotheratu.

Lero mabungwe odziwika ndi awiri. World Fast Draw Association inakhazikitsidwa mu 1976 pophatikiza mabungwe awiri akale, ndipo imalola mfuti zosinthidwa ndi matumba achitsulo mkati. Cowboy Fast Draw Association inayamba mu 2002 ku Deadwood m'chigawo cha South Dakota, imafuna zida zofanana ndi za m'ma 1800, ndipo mpikisano wake waukulu umachitikira ku Fallon ku Nevada. Tiwafupikitsa kuti WFDA ndi CFDA. Onsewa asasokonezedwe ndi masewero ena otchedwa cowboy action shooting, a bungwe la Single Action Shooting Society (SASS), lomwe linayamba mu 1987: kumeneko amavala chimodzimodzi koma amawombera zipolopolo zenizeni za mtovu, ndi mfuti zingapo, pa zandamale zambiri.

Mfuti yake

Ndi revolver, mfuti ya m'manja yokhala ndi silinda yozungulira imene ili ndi zipinda zisanu ndi chimodzi za zipolopolo. Kumbuyo kuli hamala, chitsulo chomenya chipolopolo kuti chiphulike. Pansi pali trigger, kachitsulo kopindika kamene chala chimakoka pokhethemula, ndipo yazunguliridwa ndi kampanda kachitsulo. Mtundu wofunika pa masewerowa ndi single action: trigger ili ndi ntchito imodzi yokha, kumasula hamala. Kukokera hamala m'mbuyo ndi ntchito ya chala chachikulu, ndipo kumachitika nthawi iliyonse munthu asanawombere. Zili ngati msampha wa makoswe: mphamvu yonse imalowa poutchera, koma ukatcheredwa, kuukhudza pang'ono chabe umafwamphuka.

Hamala ikamabwera m'mbuyo, mkati mumachitika zinthu zitatu pa kamodzi. Sipuling'i yaikulu imakanikizika. Kachitsulo kotchedwa hand kamakankha silinda kuti chipinda chotsatira chilunjikane ndi mpope. Kena kotchedwa bolt kamalowa m'kamphako ka pa silinda kuti iime pomwepo. Pa mfuti ya Colt munthu amamva kulira kanayi pokoka pang'onopang'ono. Kwachiwiri ndi pamene silinda imamasuka kuti aikemo zipolopolo, kwachinayi ndi pamene mfuti yatcheredwa.

Kholo la zonse ndi Colt Single Action Army ya mu 1873, yowombera chipolopolo cha .45 Colt, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Popeza ya Colt ndi yodula, ochuluka amagula zofanana nayo za makampani a ku Italy, Uberti ndi Pietta, kapena Ruger Vaquero, yomwe inatuluka mu 1993 n'kudzakonzedwanso mu 2005. Ya Ruger imakondedwa chifukwa masipuling'i ake ndi a waya wopiringiza, osathyoka msanga ngati afulati a Colt. Mpope waufupi umatuluka msanga m'thumba, choncho osewera amasankha wa masentimita pafupifupi 12. CFDA siilola wochepera mainchesi 4.5, omwe ndi masentimita 11.4.

Ngakhale zipinda zili zisanu ndi chimodzi, amaika zipolopolo zisanu zokha. Pa Colt ndi zofanana nayo, kamsomali ka hamala kamatha kugona pa chipolopolo, ndipo mfuti ikagwa n'kumenyetsa hamala pansi imawomba yokha. Kaikidwe kake ndi aka: ika chimodzi, dumpha chipinda chimodzi, ika zinayi, kokera hamala mpaka kumapeto, kenako itsitse pang'onopang'ono. Ikatero imagona pa chipinda chopanda kanthu. Kuyambira mu 1973 mfuti za Ruger zili ndi kachitsulo kotchedwa transfer bar, kamene kamaletsa kuwomba pokhapokha trigger itakokedwa, komabe pa mpikisano lamulo la zisanu limakhudza aliyense.

Phula ndi wonga

Chipolopolo chenicheni cha .45 Colt chili ndi zigawo zinayi: chigoba cha mkuwa, wonga, mutu wa mtovu wolemera magalamu pafupifupi 16, ndi primer, kabatani ka kunsi kwa chigoba kamene kamaphulika hamala ikakamenya. Masewerowa amachotsapo zigawo zoopsa kwambiri.

Pa chipolopolo cha phula chofala ku CFDA mulibe wonga ngakhale pang'ono, ndipo m'malo mwa mtovu muli kachibulu ka phula kopepuka kwambiri, kokankhidwira m'chigoba ndi chala. Mphamvu yonse imachokera ku primer, yomwe ndi ya nambala 209, ija ya zipolopolo za mfuti yosakira mbalame. Zigoba zake ndi zapadera, zobooledwa kunsi kuti primer yaikuluyo ilowe ndi dzanja n'kugwamo yokha mukazondotsa. Amene amagwiritsa ntchito zigoba wamba ndi primer yaing'ono amakumana ndi vuto lodziwika: primer imatulukira kumbuyo n'kukanirira silinda. Chifukwa chake n'chakuti pa chipolopolo chenicheni mphamvu ya wonga imakankhira chigoba chonse m'mbuyo n'kubwezera primer m'malo mwake, pamene phula lilibe mphamvu yotero. Mankhwala ake ndi kukulitsa kabowo kodutsira moto, koma chigoba chokulitsidwa chiyenera kuikidwa chizindikiro ndipo chisadzaikidwenso wonga ndi mtovu.

Mtundu wachiwiri, wa ku WFDA, ndi chipolopolo chopanda mutu. Muli wonga wakuda wokha, ndipo timibulu take totuluka tikuyaka ndi timene timaphulitsa chibaluni cha masentimita 10 choikidwa pa mtunda wa mamita 2.4.

Apa pasakhale kunamizana: zonse ziwiri zimavulaza. Phula limatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 200 pa sekondi, lokwanira kung'amba khungu ndi kuphulitsa diso, ndipo likamenya chitsulo zibenthu zake zimabwerera. Magalasi oteteza maso ndi lamulo kwa aliyense woima pafupi. Chopanda mutu chimapha pafupi: mu 1984 katswiri wa mafilimu Jon-Erik Hexum anamwalira atadziwombera nacho pamutu, mphamvu ya mpweya wokha itaswa fupa. Utsi wa primer zambiri uli ndi mtovu, choncho malo oyesererapo afunika mpweya wodutsa, ndi kusamba m'manja musanadye. Phula limamatanso m'mizere ya mkati mwa mpope. Likaunjikana, zipolopolo zimayamba kumwazikana, ndipo wosadziwa amada dzanja lake pamene chofunika ndi kupititsamo kaburashi pakapita mawombedwe makumi angapo.

Thumba ndi lamba

Thumba la mfuti, lomwe m'Chingerezi ndi holster, ndi theka la masewerowa, ndipo apa ndi pamene mabungwe awiri aja amasiyana kwambiri. La chitsulo mkati limakhala lotseguka ngati kapu, silinda siikhudza makoma, ndiye munthu amatha kutchera hamala mfuti ikadali mkati popanda chokanirira. CFDA inakana zimenezi n'kubwerera ku masokedwe akale awiri. Loyamba ndi Mexican loop: chikopa chimodzi chachikulu chimapindidwa pa lamba, mbali yakumbuyo imachekedwa mizere kupanga malupu, ndipo thumba lenilenilo limalowetsedwa m'malupuwo. Lachiwiri ndi Slim Jim, lowonda lotsata maonekedwe a mfuti, lomwe linafala ku California m'zaka za m'ma 1850. Thumba limaloledwa kupendekeka, koma osapitirira madigiri 20.

Chikopa chake ndi cha ng'ombe chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chochindikala mamilimita 3 kapena 4, ndipo kawirikawiri amamatiza ziwiri n'kuzisoka. Chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, chija cha majekete ndi nsapato zofewa, sichisunga maonekedwe ndipo chimatha kudya utoto wa mfuti. Mmisiri amanyowetsa thumba, amakulunga mfuti yopanda zipolopolo m'pulasitiki, amailowetsa, n'kumakanikiza chikopa ndi zala kuti chitenge thupi la mfutiyo, kusiya mpata pang'ono pa silinda. Limauma lokha pamthunzi. Kuliyanika padzuwa lamphamvu kapena pamoto kumaliumitsa gwa mpaka kung'aluka.

Cholakwa chofala pa kasamalidwe ndi mafuta. Anthu amapaka thumba ngati nsapato, chikopa chimafewa, kukamwa kwa thumba kumafwafwanyika, ndipo mfuti imayamba kukodwa potuluka ndi pobwerera. Thumba la mpikisano liyenera kukhala lolimba, ndipo kupukuta ndi nsalu ndi kupaka phula pang'ono kunja n'kokwanira. Mfuti isagonemonso masiku, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo dzimbiri siichedwa.

Lamba akhale wotambalala, masentimita 6 kapena 7, wolimba, womangidwa mothina. Akakhala wolefuka, thumba limakwera limodzi ndi mfuti posolola, nthawi imatayika ndipo mpope umapatuka. Pali kachingwe kachikopa kokoleka pa hamala kuti mfuti isagwe poyenda, ndipo amakachotsa akafika pamzere wowomberapo. Kunsi kwa thumba ambiri amamangako kachitsulo kopindikira kunja. Ntchito yake ndi imodzi: phula likawombedwa mfuti ikadali m'thumba, ligunde pamenepo n'kupatukira kutali ndi mwendo. Woyamba kumene asayerekeze kusolola popanda kachitsuloka.

Mpikisano umayenda chonchi

Ku CFDA chandamale ndi chitsulo chozungulira cha masentimita 61, choimikidwa mamita 6.4 kuchokera pamzere, pakati pake pali pa msinkhu wa masentimita 127 kuchokera pansi. Palinso chaching'ono cha masentimita pafupifupi 44 choikidwa pa mamita 4.6. Pakati pa chitsulocho pali getsi, kumbuyo kuli kachipangizo komva kugunda, ndipo pamwamba amapakapo girizi woyera kuti phula lisiye chizindikiro. Kuseri kuli nsalu yolimba yogwira zipolopolo zophonya.

Anthu awiri amaima moyandikana, aliyense ndi chandamale chake, onse kuyang'ana kutsogolo. Palibe woloza mnzake. Kumbuyo kwa aliyense kumakhala woweruza amene amayang'ana chipolopolo chilichonse cholowa m'mfuti, amayang'anitsitsa dzanja, ndipo pomaliza amatsimikiza kuti silinda ilibe kanthu. Woyendetsa mpikisano akalengeza kuti onse akonzeke, makina amadikira masekondi pakati pa 2 ndi 5, mosadziwika, kenako magetsi onse amayaka pamodzi. Nthawi imawerengedwa kuyambira pa kuyaka kwa getsi kufika pamene phula lagunda chitsulo, mpaka pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Ku CFDA dzanja limaloledwa kugwira chigwiriro podikira, bola hamala isasunthe ndipo chala cha mkombaphala chikhale kunja kwa kampanda. Ku WFDA dzanja siligunda mfuti mpaka getsi liyake.

Onse awiri akagunda, wa nthawi yochepa watenga. Mmodzi yekha akagunda, watenga ndi iyeyo ngakhale atachedwa bwanji. Woyamba kutenga katatu wapambana, wogonja amalembedwa X, ndipo ma X akakwana atatu kapena anayi, malinga ndi mpikisano, watuluka. Lamulo limeneli ndilo limapatsa masewerowa nzeru. Tiyerekeze anthu awiri: wina amawombera pa 0.36 koma amagunda kanayi pa khumi, mnzake pa 0.45 koma amagunda kasanu ndi katatu pa khumi. Pa maulendo 100, wothamangayo atenga 40, wochedwayo atenga 48, ndipo 12 onse aphonya. Wodziwika ndi liwiro amatha kubwerera kwawo tsiku loyamba.

Osewera a CFDA amavala zovala za m'ma 1800 ndipo aliyense amalembetsa dzina lamasewero. Amuna, amayi ndi achinyamata ali ndi magulu awo.

Kasololedwe kake

Munthu wamba amatenga pafupifupi 0.25 ya sekondi kuti aone getsi n'kuyamba kusuntha. Ozolowera amaitsitsa kufika pansi pa 0.2. Phula limatenga pafupifupi 0.03 kuuluka mamita 6.4. Akatswiri a CFDA amawombera pakati pa 0.3 ndi 0.4, ndiye ntchito yonse ya dzanja imatsala ndi kagawo kongopitirira pang'ono 0.1 ya sekondi. Palibe mpata wokweza mfuti mpaka pamaso. Amawombera ili m'chiuno, ndipo cholunjika ndi thupi lonse.

Mapazi amatalikirana molingana ndi mapewa, mawondo opindika pang'ono, ntchafu ya thumba italunjika chandamale. Zala zitatu zakumunsi zimagwira chigwiriro, chala chachikulu chili pamwamba pa hamala, cha mkombaphala chowongoka kunja. Getsi likayaka, chala chachikulu chimakokera hamala m'mbuyo pamene dzanja likukokera mfuti m'mwamba ndi m'mbuyo. Kukamwa kwa mpope kukangodutsa mlomo wa thumba, dzanja limatembenuza mfuti kuti igone molunjika kutsogolo, mkono n'kutsamira pa nthiti kapena pachiuno pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ambiri amakankhira chiuno kutsogolo n'kupendekera m'mbuyo pang'ono kuti mpope utuluke msanga. Pokhapo ndi pamene chala cha mkombaphala chimalowa m'kampanda n'kukhethemula.

Ndondomekoyi siisinthidwa: hamala, kutuluka, kulunjika, chala. Woonera amaona ngati zonse zachitika pa kamodzi, koma chala chikangotsogola pang'ono, phula limathera m'thumba kapena pansi pafupi ndi phazi.

Kulunjika kwake n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Pa mamita 6.4, kuchoka pakati pa chandamale kufika m'mphepete ndi madigiri osakwana atatu. Pa mpope wa masentimita 12, ndiye kuti kukamwa kwake kukapatuka ndi mamilimita 6 okha, munthu waphonya.

Njira ina ndi fanning: chala chimafinyiratu trigger mfuti ikatuluka, ndipo chikhatho cha dzanja linalo chimamenya hamala m'mbuyo n'kuisiya igwe. Ndi imene imabweretsa nthawi zochepetsetsa ku WFDA, mpaka pansi pa 0.3 ngakhale dzanja linayambira kunja kwa mfuti. Koma mfuti zake ndi zokonzedwa mwapadera, za hamala yotukuka ndi zitsulo zolimbitsidwa mkati, zina za mpope wa aluminiyamu umene sungapirire chipolopolo chenicheni. Pa mfuti wamba fanning imawononga: silinda imazungulira mwamphamvu n'kumenya bolt, timphako timaphwanyika m'mphepete, hand imatha, ndipo pamapeto silinda imadumpha malo ake. Choopsa china n'chakuti dzanja lomenya hamala limatha kudutsa kutsogolo kwa mpope.

Zolakwika ndi zifukwa zake

Chizindikiro cha pa girizi chimauza munthu vuto lake. Phula likamagwa m'munsi, chala chikukhethemula mpope usanagone bwino. Likamapita pamwamba, dzanja likutembenuza mopitirira kapena munthu akupendekera m'mbuyo kwambiri. Likamapatukira kumbali imodzimodzi, kawirikawiri vuto lili kumapazi, ndipo kusuntha phazi pang'ono kumathandiza kuposa kupotoza dzanja. Likamamwazikana paliponse, mkono sukutsamira pamalo amodzi, kapena mpope wadzaza phula.

Chala chachikulu chimatha kuterereka hamala isanafike kumapeto. Pa Colt hamalayo imagwera pa kamphako kake kapakati, kokodwa ndi trigger, ndipo zikachitika kawirikawiri kamphakoko kapena nsonga ya trigger imabenthuka. Mfuti yotero imayamba kufwamphuka yokha ndipo iyenera kupita kwa mmisiri wa mfuti isanagwiritsidwenso ntchito. Sipuling'i yafulati ya bolt nayo imathyoka, ndipo chizindikiro chake ndi silinda yozungulira yokha hamala ili pansi. Osewera ena amafewetsa sipuling'i yaikulu kuti hamala ikokeke mosavuta. Akapyola muyezo, hamala imamenya mofooka ndipo primer siiphulika.

Mfuti ikapulumuka m'manja, lamulo ndi kuisiya igwe. Woiwakha m'malere amagwira paliponse, ndipo chala chimakonda kugwera pa trigger. Kugwetsa mfuti, kuwombera m'thumba ndi kuloza mpope kumbali kuli ndi zilango pa mpikisano, kuyambira kuluza mpaka kuchotsedwa.

Kuyeserera

Ntchito yaikulu imachitika popanda kuwomba. Munthu amatsegula kachitseko ka silinda, amaizunguza n'kuona chipinda chilichonse, kenako amabwerezanso. Zipolopolo zenizeni sizikhala m'chipinda choyesereramo, ngakhale m'kabati. M'silinda amaikamo zipolopolo zabodza zokhala ndi kasipuling'i kapena labala kunsi, zoteteza kamsomali ka hamala. Amayang'ana khoma lopanda munthu kuseri kwake, n'kusolola pang'onopang'ono kokwanira 20 kapena 30, n'kupuma. Dzanja lotopa limaphunzira zolakwika. Kudzijambula ndi foni chakumbali n'kuonera mochedwetsa kumaonetsa bwino nthawi imene chala chikulowa m'kampanda. Palinso zipolopolo za kuwala kwa laser zogwira ntchito ndi chandamale cha getsi, zothandiza kuyeza nthawi m'nyumba popanda phokoso.

Woyamba kumene amawombera pafupifupi pa sekondi imodzi, ndipo palibe chochititsa manyazi. Njira yanzeru ndi kuyamba n'kugunda kasanu ndi katatu pa khumi mosathamanga, kenako kuwonjezera liwiro mpaka kugunda kutayamba kutsika, n'kukhala pamenepo mpaka kukwerenso. Kuphunzira wekha kuchokera pa vidiyo n'kosakwanira, chifukwa wosolola saona chala chake. Ku kalabu kumakhala munthu woima kumbuyo amene amachiona.

Chimene makalabu onse amagwirizana n'chakuti kasololedwe aka sikachitidwa ndi chipolopolo chenicheni. Hamala imatcheredwa mpope ukadaloza ntchafu, momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi, ndipo ukabooka munthu amatha kufa m'mphindi zochepa. Lamulo loletsa chipolopolo chenicheni pamalo onse a mpikisano lili ndi chifukwa chomveka. Pa 21 Okutobala 2021, pojambula filimu ku New Mexico, wojambula Halyna Hutchins anafa ndi chipolopolo chenicheni chimene chinapezeka mu revolver ya Pietta ya .45 Colt, pamene katswiri wa mafilimu Alec Baldwin ankayeserera kusolola. Sunali mpikisano wa fast draw, koma mfuti yake ndi ya mtundu womwewu, ndipo chinalephera ndi chimene woweruza wa kumbuyo uja amaikidwira: kuona chilichonse cholowa m'silinda.

Maganizo a anthu ndi malamulo a mayiko

Okonda masewerowa amati ndi mpikisano wa maso ndi dzanja ngati wina uliwonse, wotchipa poyerekeza ndi kuwombera zipolopolo zenizeni, wotheka m'holo ya m'tawuni, ndipo agogo ndi adzukulu amasewera tsiku limodzi. Otsutsa amati amakometsera mbiri yachiwawa imene kwakukulu inapekedwa ndi mafilimu, ndipo mfuti yosewerera phula ndi mfutibe ikafika kunyumba. Aphunzitsi ena a zodziteteza ali ndi dandaulo losiyana: kutchera mfuti m'thumba ndi kuwombera m'chiuno ndi zizolowezi zoipa kwa munthu wonyamula mfuti yeniyeni. Mkati mwa masewero momwemo mulinso kusiyana, pakati pa ofuna liwiro lothera ndi zida zosinthidwa, ndi ofuna kuti wosauka ndi wolemera apikisane ndi zida zofanana.

Pa malamulo, revolver yowombera phula imawerengedwa ngati mfuti ina iliyonse, popeza ikhoza kulandira chipolopolo chenicheni. Ku United States malamulo amasiyana chigawo ndi chigawo. Ku Malawi kukhala ndi mfuti kumafuna chilolezo pansi pa lamulo la Firearms Act. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna satifiketi yosonyeza kuti munthu ndi woyenera, kuphatikizapo laisensi ya mfuti iliyonse payokha. Ku Britain mfuti zambiri za m'manja zinaletsedwa mu 1997 kutsatira kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996. Ku Japan, komwe munthu wamba saloledwa kukhala ndi mfuti ya m'manja, okonda fast draw amapikisana ndi mfuti zoseweretsa zofanana ndi Colt m'maonekedwe, ndipo thumba, getsi ndi makina oyezera nthawi amagwira ntchito mofanana ndi kwina konse.